Kupatsa ndi Kupereka

Tsiku lina m'nyengo ya mvula kunafika ku ofesi kwathu anthu awiri ocokera ku Chawama, mai wamasiye ndi mlamu wace, mkulu wa malemu mwamuna wace. Anali kulimbirana kamalo pamene panali nyumba ya zipinda zitatu. Maiyo anamasula mfundo ya citenje natulutsa kalata yakale yopindika-pindika, imene mwana wa sukulu analembera abale awiriwo m'Cingelezi zaka zambiri zapitazo, ndipo pakati pa kalatayo panali liu lija lakuti give. "Anatipasa," anatero maiyo m'kalankhulidwe ka muno m'Lusaka. Mlamuyo sanaikane kalatayo. Iye anati, "Inde, mng'ono wanga ndinampatsa pokhala, koma malo anga sindinawapereke kwa munthu ali yense." Ine amene nchito yanga ndi kulemba zimene anthu anena ndinagwira colembera ndi kusowa colemba, pakuti pa pepala la boma mau awiriwo akanasanduka liu limodzi, ndipo mlandu wonse unali pakati pa mau awiriwo.

Usiku umenewo, ndiri gone, ndinakumbukira wansembe wina wokalamba wa ku Poland amene anatiphunzitsa pa mishoni ndikali mnyamata. Iye anali kudziwa Cinyanja koposa ambiri a ife obadwira m'tauni, koma akafulumira cinenero ca amace cinali kutuluka cokha. Potolera makope athu anali kutambasula dzanja nati, "Daj!" Ife tinali kumva ngati akuti "dai," ndi kumaseka kuseri. Tsiku lina ndinalimba mtima ndi kumfunsa tanthauzo lace, ndipo anandikhazika pansi masana onse a Loweruka, nandilembera mau ambiri pa cikuto ca kope langa la masamu. M'nkhani ino ndifuna kuweruza cizolowezi cimodzi ca m'masukulu ndi m'mabuku athu, ndico kuphunzitsa ana kuti give ndi kupatsa, ndipo kupatsa ndi give, nkhani nkuthera pomwepo. Mboni yanga pa mlandu umenewu ndi liu lija la mkulu uja.

Wina adzafunsa kuti, nanga mboniyo waitengeranji kutali cotere? Komatu Apolishi si alendo a dzulo m'dziko lino. M'caka ca 1912 Ayezuiti a ku Poland anatenga nchito ya mishoni ku dera la Luangwa, nakhala pa Katondwe, ndipo pambuyo pace anagwiranso nchito ku Chingombe ndi ku Kasisi, pafupi ndi Lusaka. Asisitere a kwao anafika m'1928, nalera ana amasiye pa Kasisi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kunabwera gulu lina lomvetsa cisoni. Germany ndi Soviet Union atagawana dziko la Poland m'1939, anthu ambiri-mbiri anatengedwa mokakamiza kunka ku Siberia ndi ku Kazakhstan m'1940 ndi 1941. M'1942 ena a iwo anamasulidwa naoloka nyanja ya Caspian kulowa m'Persia, ndipo pafupi-fupi 18,000, makamaka akazi ndi ana, anatumizidwa ku maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Kuno ku Northern Rhodesia anawamangira misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ku Abercorn kumene lero timati Mbala, ndi kwina. Ana amene anayenda ulendo wotere ndi njala, ndiganiza kuti liu lija lakuti daj analidziwa asanadziwe mau ena ambiri.

Codabwitsa coyamba ndi cakuti Apolishi alibe mneni mmodzi wa kupatsa. Ali nao awiri, obadwa m'mimba imodzi. Wina ndi dać, wina ndi dawać. Cilembo comarizira cija cimamveka pafupi-fupi ngati c wathu wa m'liu lakuti caka, ndipo w wao amamveka ngati v. Dać ndi kupatsa kumene kwafika pa mapeto ace: cinthu cacoka m'dzanja la wina, calowa m'dzanja la mnzace, kwatha. Dawać ndi kupatsa kumene kukali pakati, kapena kocitika kawiri-kawiri, kapena kumene kunayesedwa koma sikunatheke. Munthu akati dał, ndiye kuti anapatsa ndithu. Akati dawał, mwina anali kupatsa masiku onse, mwina anangotambasula dzanja koma winayo sanalandire. Ndipo popeza cinthu cotsirizika sicingakhale ciri kucitikabe, dać alibe nthawi ya tsopano. Mpolishi akati dam, mau amene m'maonekedwe ace ali ngati a lero, tanthauzo lace ndi lakuti ndidzapatsa. Akafuna kunena kuti ndiri kupatsa tsopano lino ayenera kupita kwa mneni winayo nati daję. Motero pali dam, dasz, da, damy, dacie, dadzą, kunena za ine, iwe, iye, ife, inu ndi iwo, ndipo onsewa ndi malonjezo okha-okha. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Apolishi nzeru yomweyo anaiika m'kati mwa mneni, kotero kuti munthu sangatsegule pakamwa kunena za kupatsa osaulula ngati fodyayo anafika pa mphuno.

Inu amene mwangotsiriza sukulu mudzamvetsa bwino citsanzo ici. Kucokera ku aneni awiriwa kunabadwa ena awiri, zdawać ndi zdać. Woyambayo ndi kulemba mayeso, waciwiriyo ndi kukhoza mayeso. Mnyamata wa ku Kraków angathe kuuza atate wace kuti zdawałem, ndinali kupereka mayeso, atate nafunsa kuti, koma kodi zdałeś, unawaperekadi? Kulemba ndi kukhoza ndi nchito imodzi, kusiyana kwace ndi kwakuti ina inafika ndipo ina inathera pa njira. Cimene cimandiseketsa ndi cakuti muno m'makomboni namonso "napasa" anganene kuti ndapatsa munthu kanthu, anganenenso kuti ndakhoza mayeso. Koma kwa ife izi zinangogundana mwangozi, pakuti kupasa kwa mayeso tinakubwereka ku Cingelezi.

Nanga liu limeneli linacokera kuti? Akatswiri anapeza kuti zinenero zambiri za ku Ulaya ndi za ku India zinabadwa ku cinenero cimodzi cakale cimene sicinalembedwe konse, monganso Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cizulu ziri za mbumba imodzi. M'cinenero cakaleco munali tsinde lomveka ngati do, ndipo adzukulu ace ali ponse-ponse: m'Cilatini dare, m'Cihelene didomi, m'Cisanskrit ca ku India dadati, m'cinenero ca ku Lithuania duoti. Abale athu a ku Tete ndi ku Angonia amene anaphunzira Cipwitikizi amati dar, osadziwa kuti ali kuchula msuweni wa liu la Apolishi. M'mau a Ahelene ndi a ku India tsindelo limabwerezedwa, di-do, da-da, ndipo phazi la kubwerezako likuonekabe m'liu lija lakuti dadzą. Ngakhale ife akalaliki timalemba mdzukulu wina wa tsinde limeneli m'mawa muli monse. Aroma polemba kalata anali kuikapo liu lakuti data, ndiko kuti yaperekedwa, pamodzi ndi malo ndi tsiku limene anaipereka kwa wamthenga, ndipo m'menemo ndi mmene munacokera deti imene timadinda pamwamba pa pepala. Give wa Angelezi yekha si wa mbumba imeneyi. Ku tsinde lomweli Apolishi anatenganso dar, ndiyo mphatso, ndi za darmo, ndiko kuti mwaulere, zija timati zamahala pa msika. Dzina lao lakuti Bogdan, monganso Theodore ndi Dorothy a Ahelene, linena za mwana amene ali mphatso ya Mulungu, ndipo ndi lomwe lija timacha ana athu kuti Mphatso.

Pomanga mau atsopano Apolishi amaphatika timau kumutu kwa mneni, pamene ife timaphatika kumcira. Ife timati kupatsana, kupatsidwa, kupatsira, kupatsirana, kupatsiratu. Iwo amati oddać, kubweza; dodać, kuonjezera, monga pa masamu; rozdać, kugawa; sprzedać, kugulitsa; poddać się, kugonja pa nkhondo. Msonkho amaucha podatek, wa tsinde lomwelo. Ndipo pali wydać, liu limene lasenza katundu woposa anzace, pakuti linena kugwiritsa ndalama, kusindikiza buku, kukwatitsa mwana wamkazi, ndiponso kupereka munthu m'manja mwa adani ace. Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, nafika kuno m'1946, nakhala bishopu wamkulu woyamba wa Lusaka m'1959, anatula udindowo m'1969 kuti mwana wa dziko lino aulandire. Mpolishi ponena za ici angati oddał, ndipo m'liumo mumamveka kubwezera cinthu kwa mwini wace. Palinso zining'a zambiri. Cinthu cosatheka amati nie da się, ngati kuti cinthuco cakana kudzipereka. Wofuna kuti mumleke amati daj spokój, ndipatse mtendere. Ndipo cimene ife timati ciphuphu iwo amati dać w łapę, kuika kanthu m'phazi la cirombo, mau amene ife a m'maofesi tiyenera kuwamva ndi manyazi pang'ono.

Tsono taonani cimene cimamanga mau onsewa pamodzi. Kugulitsa, kubweza, kukhoma msonkho, kugonja, zonsezi kwa Mpolishi ndi ana a kupatsa, cifukwa maso ace ali pa cinthu cimene ciri kucoka m'dzanja, ndipo kamau ka kumutu kaja kamangonena kumene cinthuco calowera. Izi zimaonekanso m'kamangidwe ka ciganizo. Maina a Cipolishi amasintha mcira wace monga mwa nchito imene agwira, ndipo masinthidwe ace alipo 7. Mbale ndi brat, mkate ndi chleb. Pofuna kunena kuti ndiri kupatsa mbale mkate amati daję bratu chleb. Mkatewo ndiwo umene mneni waugwira. Mbaleyo wabvala cizindikiro cace ca wolandira, bratu, cimene cigwira nchito yonga ya kamau kathu kakuti kwa. Alatini cizindikiro cotere anacicha dativus, dzina locokera ku dare yemwe uja.

Apa ndi pamene ndifuna kuti owerenga acedwepo, pakuti mtima wa nkhani yanga uli pano. Yesani ciganizo comweco m'Cinyanja. Timati, "Ndapatsa mbale wanga mkate." Palibe kwa ali yense, munthu ndiye woyamba kutsata mneni, mkate ukudza pambuyo. Mukacotsa maina ndi kusiya kamau koimira dzina, mudzati ndampatsa, ndipo m ameneyo ndi mbale. Simungati ndaupatsa pofuna kunena za mkate, cifukwa womva adzakufunsani kuti, mkatewo mwaupatsa ciani? Tembenuzaninso ciganizo: "Mbale wanga wapatsidwa mkate" ndi Cinyanja cabwino, koma "mkate wapatsidwa" ndi mau a munthu amene akuphunzira kumene. Mukafuna kuti mkate ukhale patsogolo muyenera kusintha mneni ndi kunena kuti mkate waperekedwa kwa mbale wanga. Sam Mchombo, m'buku lace la 2004 lonena za kamangidwe ka ziganizo za Cicewa, analongosola bwino khalidwe limeneli, lakuti pamene maina awiri atsata mneni mmodzi, limodzi lokha ndilo limalandira ulemu wonse. Pa kupatsa, ulemuwo ngwa munthu. Pa kupereka, ngwa cinthu. Cifukwa cace ine nditi mbale weni-weni wa dać m'Cinyanja si kupatsa ai, koma kupereka, ndipo Cingelezi naco pamene citi give cinthu popanda kuchula wolandira ciri kupereka, siciri kupatsa.

Ciyambi ca mau athu awiriwa cibvomereza zomwezi. Kupereka ndi liu la ulendo. Aswahili amati kupeleka ponena za kutumiza kapena kufikitsa cinthu, ndipo ife tomwe timati kuperekeza mlendo. Wopereka amanyamula cinthu nacifikitsa kumene ciyenera kufika, ndipo cikafika cacoka m'manja mwace. N'cifukwa cace timapereka msonkho, nsembe, moni, ulemu ndi umboni. Sindinamvepo munthu akuti wapatsa msonkho. Kupatsa kuli pa tsinde lina, lija la pa, limene Aswahili, Ashona ndi Atonga ali nalo m'liu lao lakuti kupa, ndipo Azulu amati ukupha. Makolo athu amene anapita ku Joni ndi ku Bulawayo anakumana nazo izi, pakuti Mzulu akati ngiphe ali kupempha kuti umpatse, pamene kwa ife ndiphe ndi mau a munthu wotopa ndi moyo. Ine ndiganiza kuti kupatsa ndi kucititsa munthu kuti apate, monga kucoka kumabala kucotsa. Ngati ndi tero, nzosadabwitsa kuti mneniyu amayang'ana munthu, pakuti wopata ndi munthu. Kupatsa sikudula cingwe pakati pa anthu awiri. Akulu anati kupatsa nkuika, ndiko kuti copatsidwa cikali ndi njira yobwerera kwa mwini wace, ngakhale cibwere ndi nkhope ina.

Ndipo si awiri okhawa. Pali kuninkha, liu la akulu-akulu limene ana a ku Matero salimvanso, mbale wace wa ukunika wa Azulu. Pali kugawira, kusiyira, kubwereka, kukongoza, kutula mtulo kwa mfumu, kufupa wobvina, kupepesa pa maliro. Liu liri lonse linena za anthu awiriwo, wamkulu ndani, wamng'ono ndani, ndi cimene cidzayembekezeka mawa. Apolishi anatenga tsinde limodzi nalibveka zipewa zosiyana-siyana. Ife tinasunga mau ambiri, liri lonse ndi mwambo wace. Sindinena kuti njira ina iposa inzace. Colakwa ndi kutenga mau onsewa ndi kuwakankhira m'thumba limodzi lolembedwa give. Mabuku akale amene anatsegula njira, monga buku la matanthauzo a mau a Cimang'anja la David Clement Scott la 1892, limene Alexander Hetherwick analikonzanso m'1929, tiyenera kuwalemekeza, pakuti anasunga mau ambiri amene akanataika. Koma analembedwa kuti Mzungu aphunzire cinenero cathu, ndipo mafunso ace ngocokera ku Cingelezi. Colakwa cacikulu ncathu ife, amene tinatenga mndandanda wa mau wolembera alendo ndi kuyamba kuphunzitsira ana athu omwe.

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya m'kalasi mokha, tsegulani buku limene lawerengedwa koposa onse m'Cinyanja, Buku Lopatulika lija la 1922, limene William Murray wa mishoni ya ku Mvera ndi Nkhoma anatsogolera kumasulira kwace. Pa Yohane 3:16 Cihelene ciri ndi edoken, mwana wa didomi uja, ndipo Cipolishi ciri ndi dał. M'zinenero zimenezo palibe bvuto, pakuti mneni wao amagwira coperekedwa, ndipo wolandira angathe kusachulidwa. Koma omasulira athu anasankha mneni kupatsa, naika Mwanayo pambuyo pace peni-peni, popanda wolandira wina. Ife akulu tinazolowera, ndipo khutu silitsutsanso. Koma ndikumbukira kuti ndiri mwana, pomva ndimeyi kwa agogo anga amene anali a mpingo wina, ndinali kudikira kuti anene cimene Mwanayo anapatsidwa, ndipo sindinali wopusa. Ndinali kungomva Cinyanja monga ciliri. Kupatsa kungaime kokha, monga m'mwambi uja, kapena ponena kuti uje ngwopatsa. Koma kukangotsatidwa ndi munthu, munthuyo ndiye wolandira. Omasulira Buku Loyera la 1998 anaika kupereka pa malo amenewa, ndipo m'kuona kwanga anakhoza.

Komabe sindifuna kuwaweruza mopepuka akulu aja, pakuti ndiganiza kuti ndiona cimene anali kuopa. Kupereka ndi liu lomwe limanenedwa za Yudase. Ahelene anali ndi pothawira, pakuti za Yudase amati paradidomi, tsinde lomwelo ndi cipewa cina. Alatini amati tradere, Apolishi amati wydać. Ife tiribe cipewa cotere, ndipo kupereka kwathu kumasenza zonse ziwiri, nsembe ndi ciwembu. Kapena omasulirawo anafuna liu lofunda, liu la mphatso ya pa cibale, nasankha kupatsa ngakhale ciganizo cinatsimphina. Ngati ndi tero, anagula kufundako pa mtengo wa tanthauzo, ndipo ine ndikadakonda kuti akadasiya liu lolemera lija kuti owerenga alimbane nalo okha.

Tsono tibwerere ku makomboni. Cinyanja ca Lusaka, cimene cinaphikidwa mu mphika umodzi ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingelezi, cimakonda kupasa koposa mau ena onse aja. Aphunzitsi ambiri amacinyoza, koma ine sindiri nao pamodzi pa zonse, pakuti m'menemo muli luso lace. Mverani mai wogula tomato pa msika wa Soweto akuti, "Nipaseniko mbasela." Kamcira kaja ka ko kamacepetsa pempho, kamanena kuti sindifuna zonse, ndifuna pang'ono cabe, ndipo mukakana sitidana. Apolishi ali nako kanthu kofanana: daj chleb ndi kupempha mkate wonse, koma daj chleba, dzina litasintha mcira, ndi kupempha kuti undipatseko. Ndipo tauni inabala mau ace atsopano a kupatsana, amene mudzi sunawadziwe: cilimba ca amai osonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, kaloba wa ciongola dzanja cowawa, ndi nicekeleko uja amene amanong'onedwa pa zipata. Anthu a ku Kanyama ndi ku Kalingalinga sanaiwale kusiyanitsa mitundu ya kupatsa. Moyo wao wonse waima pa kusiyanitsako.

Bvuto limadza pamene nkhani yafika pa pepala, makamaka nkhani ya malo. Makomboni ambiri a mzinda uno anayamba popanda cilolezo, anthu akumanga pa minda ya eni ena. M'1974 boma linakhazikitsa lamulo lolola kuti malo otere akonzedwe ndi kubvomerezedwa, ndipo m'zaka zotsatira, ndi thandizo la World Bank, ku George ndi ku Chawama kunalowa miseu ndi mipope ya madzi. Anthu anakondwa nati boma latipatsa malo. Koma pepala limene lamulo lija linapereka kwa mwini nyumba linali cilolezo ca kukhalapo zaka 30. Nthaka yeni-yeniyo inatsala m'manja mwa khonsolo. Anthuwo sananame, pakuti anapatsidwadi pokhala. Koma nthaka sinaperekedwe. Cinyanja cimatha kunena zonse ziwirizi m'mpweya umodzi popanda kudzitsutsa, monga anacitira mlamu uja pa ofesi pathu. Koma mwana wa sukulu amene anaphunzitsidwa kuti kupatsa ndi give adzalemba liu limodzi, ndipo patapita zaka makumi awiri ana a abale awiri adzaima pamaso pa kalaliki ali ndi kalata imodzi ndi matanthauzo awiri. Ambiri a inu amene muwerenga buku lino mudzakhala olembera anthu makalata otere, m'maofesi kapena pa khonde la amalume anu. Musanalembe, funsani wopatsayo ngati wapereka, ngati wabwereka, kapena ngati wangosiyira mnzace kufikira tsiku lina. Ndipo mau amene ayankhe muwalembe monga anawanenera.

Anthu a ku Chawama aja anabweranso Laciwiri lotsatira. Ndinafunsa maiyo kuti, "Mai, pa tsiku limene kalatayi inalembedwa, kodi inu munapereka ciani kwa alamu anuwa?" Anati malemu amuna ao anapita ndi tambala ndi mowa, ndipo panali akulu awiri a kwao amene anaona. Mlamuyo anabvomera kuti tambalayo anadya, koma anati anali wothokozera pokhala cabe. Ndinalemba mau a Cingelezi monga pepala lifunira, ndipo pansi pace ndinalemba mau a yense wa iwo m'Cinyanja, kupatsa pamene anati kupatsa, kupereka pamene anati kupereka. Mkulu wanga wa nchito anandifunsa cifukwa cace pepala limodzi liri ndi zinenero ziwiri, ndipo nditamfotokozera anagwedeza mutu nasaina. Mlanduwo anauimika kufikira akulu awiri aja ataitanidwa. Mmodzi anamwalira kale. Winayo akuti ali ku Petauke, ndipo maiyo ananena kuti mvula ikatha adzatuma mwana wace kukamtenga.